Boti la Aluminiyamu Likayamba Kulowa Madzi: Kumata, Kukhoma Kapena Kuwotcherera?

M'madoko a Nyanja ya Malawi, ku Malombe ndi mumtsinje wa Shire, pakati pa mabwato osema ndi maboti amatabwa, masiku ano mumapezekanso maboti ang'onoang'ono a aluminiyamu. Ena amanyamula alendo okaona mvuu ndi njovu ku Liwonde, ena ndi a ogwira ntchito za boma ndi mabungwe. Madzi akasefukira m'chigwa cha Shire, monga zinachitikira mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy, maboti ang'onoang'ono ndi amene amafika kumene galimoto zalephera. Boti la aluminiyamu limakondedwa chifukwa ndi lopepuka, siliwola, ndiponso siligwira dzimbiri lofiira lija timaliona pa malata. Ubwino womwewu ndi umene umapusitsa eni ake kuti boti lotere silifuna chisamaliro.

Tsiku limene madzi ayamba kuoneka pansi pa mipando, ambiri amachita zimene anazolowera pa boti lamatabwa: kutsendera thonje kapena nsalu, n'kupaka phula. Pamatabwa njirayi imagwira chifukwa thabwa likanyowa limafufuma n'kupana thonjelo. Aluminiyamu safufuma. Zimene mwapakazo zimangokhala pamwamba, ndipo pansi pake vuto limapitirira kukula osaoneka. Boti la aluminiyamu limalowa madzi pa zifukwa zitatu zosiyana (riveti yomasuka, mng'alu ndi kudyeka kwa chitsulo), ndipo chifukwa chilichonse chili ndi kakonzedwe kake. Wokonza amene sanayambe wafufuza kuti chachitika n'chiyani amangotaya ndalama, mwinanso kuika miyoyo pachiswe.

Kabowo kamodzi si kakang'ono

Riveti imodzi ya mamilimita 4.8 ikathothoka pamalo amene ali masentimita 20 pansi pa madzi, kabowo kotsalako kamalowetsa madzi opitirira malita 70 pa ola limodzi. Amenewa ndi madzi okwana pafupifupi ndowa zinayi za malita 20. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho pakatha ola boti limakhala lanyamula katundu wolemera ngati munthu wamkulu amene sanawerengedwe ponyamuka. Choopsa kwambiri n'chakuti madzi sakhala pamodzi. Funde likapendeketsa boti, madzi onse amathamangira mbali yomweyo n'kuwonjezera kupendekako. Panyanja yabata munthu amatha kukapa madzi n'kufika. Nyengo ya mwera, miyezi yozizira ija, wokapa ndi wogwira injini amasowa mpata, ndipo kabowo komweko kamakhala nkhani ina.

Khalidwe la chitsulo chimenechi

Aluminiyamu amalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo wamba. Wopangira maboti si aluminiyamu yekhayekha. Amasakanizidwa ndi magnesium pang'ono kuti alimbe ndi kupirira madzi. Mitundu yodziwika imatchulidwa ndi manambala: 5052, 5086 ndi 5083. Pa maboti ang'onoang'ono okhomedwa ndi mariveti, khoma la boti nthawi zambiri silifika ngakhale mamilimita awiri kuchindikala kwake. Luso lokhoma maboti otere linachokera ku ndege. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikutha, kampani ya Grumman ya ku America, imene inkapanga ndege zankhondo, inayamba mu 1945 kupanga mabwato a aluminiyamu okhomedwa monga momwe inkakhomera ndege.

Chinsinsi cha aluminiyamu chili pa khungu lake. Akangokumana ndi mpweya, pamwamba pake pamapangika kakhungu kopyapyala kwambiri, kosaoneka ndi maso, kamene kamatseka chitsulocho kuti chisadyeke. Mukakapala, kamabwereranso nthawi yomweyo. Kakhungu kameneka ndi kamene kamasunga boti zaka zambiri, komanso ndi kamene kamavutitsa wokonza. Guluu sagwira bwino pa khungu lakale limene layamwa mafuta ndi chinyezi. Wowotcherera naye amalimbana nalo: aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, koma khungu lake limafuna madigiri opitirira 2,000. Kuwonjezera apo, aluminiyamu safiira akatentha monga chimachitira chitsulo wamba. Amaoneka bwinobwino mpaka pamene wangogwera m'kati n'kusiya chibowo.

Pali khalidwe linanso. Aluminiyamu amatanuka ndi kutentha kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi chitsulo wamba. Boti la mamita anayi limene lagona pamchenga padzuwa la Okutobala, likalowetsedwa m'madzi n'kuzizira ndi madigiri 30, limafupika pafupifupi mamilimita atatu. Pamafunde khoma lake limavinanso mosalekeza. N'chifukwa chake chomata chilichonse cholimba gwa, chosatha kupindika limodzi ndi boti, chimagwira masabata ochepa kenako n'kusendeka.

Kupeza pamene madzi akulowera

Madzi amasonkhana pamalo otsika kumbuyo kwa boti, koma si kawirikawiri kuti alowere pomwepo. Amayenda pansi pa nthiti za boti ndi pansi pa matabwa opondapo mpaka atapeza pokhala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa kudekha ndi theka la ntchito.

Yambani ndi zosavuta. Chotsekera cha bowo lotulutsira madzi kumbuyo chimatha, labala wake amauma. Mabawuti omangira injini, zogwirira ndi mipando nawonso amadontha. Ngati si zimenezi, tulutsani boti kumtunda, chotsani zonse za m'kati, litsukeni, liume. Liikeni pamitengo kapena pamatayala pamalo okwera pang'ono kuti muthe kusuzumira pansi, kenako thirani madzi m'kati. Musadzaze. Pansi pa boti la mamita anayi m'litali ndi mita imodzi ndi masentimita 20 m'lifupi, madzi a masentimita 10 okha amalemera pafupifupi theka la tani. Boti linapangidwa kuti madzi alikankhe kuchokera kunja. Mukalidzaza lili pamtunda mukhoza kumasula mariveti amene anali abwino. Thirani pang'ono, pendeketsani boti mbali imodzi kenako inayo, ndipo paliponse pamene patuluka dontho zungulizani ndi choko kapena cholembera chosafufutika.

Njira ina ndi kuika boti louma m'madzi abata, munthu mmodzi ali m'kati ndi nsalu youma ndi choko. Njirayi imaonetsa mabowo amene amatseguka pokhapokha boti likanyamula katundu. Riveti yomasuka imadziululanso yokha: mozungulira mutu wake mumakhala kamzere kakuda, kamene ndi fumbi la aluminiyamu wopekesana.

Riveti yomasuka

Ili ndi vuto lofala koposa pa maboti okhomedwa, ndipo ndi losavuta kukonza. Kugunda kwa mafunde, kunjenjemera kwa injini ndi kukwekwesa boti pamchenga kumamasula mariveti pang'onopang'ono. Ngati riveti ili yonse ndipo bowo lake silinakule, imangofuna kukhomedwanso. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri. Mmodzi amagwirizira chitsulo cholemera, monga mutu wa hamala yaikulu, pa mutu wa riveti. Mnzake amamenya mbali inayo ndi hamala yaing'ono, pang'onopang'ono, kuti riveti ifufume n'kudzaza bowo. Kumenya mwamphamvu kumaphwanya riveti ndi kupinda khoma la boti. Amisiri okhoma ndowa ndi mapoto m'misika mwathu amalidziwa kale dzanja limeneli.

Ngati riveti yadyeka kapena ikuzungulira, ichotseni. Bowolani pakati penipeni pa mutu wake mpaka mutu utaduka, kenako kankhani chotsalacho. Bowo likakhala kuti lakula, likonzeni kuti likhale lozungulira bwino n'kuikamo riveti yokulirapo, mwachitsanzo ya mamilimita 6.4 pamalo pa ya 4.8. Riveti yatsopano ikhale ya aluminiyamu, ndipo mchira wake utuluke utali wofanana ndi kunenepa kwake kamodzi ndi theka, kuti pokhoma pakhale chopanga mutu wachiwiri. Pakani chomatira pang'ono m'bowomo musanailowetse.

Pali malo amene dzanja silifika kuseri, monga pansi pa mpando wotsekedwa. Pamenepo pamafunika riveti yokoka ndi chopanira. Samalani: mariveti okoka amene amagulitsidwa m'masitolo ambiri a zipangizo zomangira ali ndi bowo pakati, ndipo ena ali ndi kamsomali kachitsulo wamba kamene kamatsalira m'kati n'kuchita dzimbiri. Oyenera pansi pa madzi ndi otseka kumapeto, a aluminiyamu. Kuika bawuti yachitsulo wamba kapena yamkuwa m'malo mwa riveti ndi kuitana vuto lachitatu limene tifikepo.

Mng'alu

Mng'alu umabwera pamene chitsulo chatopa ndi kupindika malo amodzimodzi: kumapeto kwa nthiti, m'makona a kumbuyo kumene kumamangidwa injini, kapena pamsana wa boti. Nthawi zina umabwera mwadzidzidzi, boti likagunda mwala wa pansi pa madzi kapena chitsa. Mng'alu ndi woopsa kuposa riveti yomasuka chifukwa umakula. Mphamvu yonse yopinda imasonkhana pansonga pake, ndipo funde lililonse limautalikitsa. Guluu wopaka pamwamba amatseka madzi kwa kanthawi, koma nsongayo imapitirira kuyenda pansi pake.

Choyamba ndi kuuimitsa. Palani penti, pezani pamene mng'alu wathera mbali zonse ziwiri, ndipo bowolani kabowo ka mamilimita atatu kapena anayi pansonga iliyonse. Bowo lozungulira limamwaza mphamvu ija. Chachiwiri ndi kufunsa chimene chinaswa boti. Ngati thabwa la kumbuyo lomangirapo injini lawola, ngati nthiti yaduka, kapena ngati injini ndi yaikulu kuposa imene boti linapangidwira, mng'alu wina udzatuluka pambali pa chigamba chanu. Konzani gwerolo.

Mukatero muli ndi njira ziwiri: kuwotcherera kapena kukhoma chigamba.

Kuwotcherera ndiye njira yabwino pa boti lochindikala limene linapangidwa mowotcherera, pokhapokha ngati pali mmisiri ndi makina oyenera. Makina amene amisiri ambiri amawotcherera nawo mageti ndi mafelemu a mawindo, ndi timitengo tawo tachitsulo wamba, si a ntchito imeneyi. Pamafunika makina a TIG kapena a MIG, mpweya wa argon wotchinga powotcherapo kuti khungu lija lisabwerere, ndi waya woyenera. Pa aluminiyamu wa maboti waya wodalirika ndi wa nambala 5356. Waya wa 4043 sagwirizana ndi mitundu ya 5086 ndi 5083. Mukaugwiritsa ntchito, powotchapo pamakhala posachedwa kusweka. Malowo amatsukidwa ndi acetone, n'kukwechedwa ndi burashi ya waya wosachita dzimbiri imene sinagwirepo chitsulo china.

Pa boti lopyapyala lokhomedwa, moto umabweretsa mavuto ake. Kulimba kwa khoma la boti kunabwera pamene chitsulocho chinkapsinjidwa kufakitale, ndipo kutentha kumakuchotsa: pambali pa powotchedwapo pamakhala pofewa kuposa kale. Khoma limapindika. Chomatira chimene chili pakati pa mapepala a aluminiyamu olumikizidwa ndi mariveti chimapsa, ndipo mariveti oyandikana amayamba kudontha. M'mipando ya maboti ambiri muli chinkhupule choyandamitsa boti likadzaza madzi. Chimayaka ndipo utsi wake ndi wakupha. Thanki ya petulo, batire ndi chinkhupule zichotsedwe, boti lipitidwe mphepo, moto usanayandikire. Timitengo tosungunula ndi lawi la gasi, timene timasungunuka pansi pa madigiri 400, tikhoza kutseka kabowo pamalo osanyamula mphamvu, koma si toti n'kudalira pa mng'alu wa pansi pa boti.

Poganizira zonsezi, kwa mwini boti amene ali kutali ndi mzinda, chigamba chokhomedwa ndi mariveti ndiye njira imene ndikuikira kumbuyo. Sichifuna magetsi ambiri, sichifuna argon, sichifewetsa khoma, ndipo chimavina limodzi ndi boti. Dulani chigamba cha aluminiyamu wochindikala mofanana ndi khoma kapena kuposerapo pang'ono, chopitirira mng'alu ndi masentimita asanu mbali zonse. Makona ake akhale ozungulira, chifukwa kona yakuthwa imayambitsa mng'alu watsopano. Chipindeni mpaka chigone bwino pakhoma. Bowolani mzere wa mabowo motalikirana pafupifupi masentimita awiri ndi theka, ndipo bowo lililonse litalikire m'mphepete mwa chigamba kuwirikiza kawiri kunenepa kwa riveti. Chotsani tizitsulo totsalira m'mabowo, kwechani mbali zokhudzanazo, pukutani ndi acetone, pakani chomatira, ndipo khomani kuyambira pakati kupita kunja kuti chomatira chotsala chifinyikire m'mbali. Ngati malowo amanyamula mphamvu, ikani zigamba ziwiri, kunja ndi m'kati.

Kudyeka

Vuto lachitatu ndi lachinsinsi. Pakhoma pamaoneka ufa woyera ndi timaenje ngati tobaya ndi singano. Kunja kabowo kamaoneka kakang'ono, koma m'kati mwa chitsulo kamakhala katafutukuka. Kawirikawiri gwero lake ndi chitsulo china chimene chakhudzana ndi aluminiyamu pamalo onyowa. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi zimapanga kabatire, ndipo chimene chimadyeka ndi aluminiyamu. Mkuwa ndiye mdani wamkulu.

Phunziroli linagulidwa modula. Mu 1895, Nathanael Herreshoff anapanga boti lampikisano lotchedwa Defender, limene pansi pake panali pa chitsulo chosakaniza ndi mkuwa ndipo m'mbali mwake munali aluminiyamu. Linapambana mpikisano wa America's Cup chaka chomwecho, koma m'madzi amchere zitsulozo zinadyana, ndipo mu 1901 botilo linaphwasulidwa. Zimene zinachitikira Defender zimachitikanso pang'onopang'ono m'boti laling'ono, pamene kachidutswa ka waya wamkuwa, ndalama yachitsulo, mbedza kapena mtovu wa ukonde zagwera pansi pa nthiti n'kukhala m'madzi miyezi. Matabwa othiridwa mankhwala obiriwira oteteza chiswe ali ndi mkuwa. Kuwaika ngati mipando kapena popondapo kumadya khoma pamene akhudza. Penti wapansi pa boti wokhala ndi mkuwa amachita chimodzimodzi. Asidi wa batire, feteleza wotayika, simenti yonyowa ndi soda wotsukira wowotcha manja zonse zimawononga khungu loteteza lija. Kugwiritsa ntchito khoma la boti ngati njira yobwerera magetsi, monga zimakhalira pa galimoto, kumafulumizitsa kudyekako kwambiri.

Madzi a Nyanja ya Malawi alibe mchere wambiri, choncho kudyeka kumachedwa koma sikulephera. Ku Chilwa, nyanja yopanda potulukira, madzi ali ndi mchere wochulukirapo, ndipo kugombe la Mozambique, ku Beira kapena ku Nacala, vutoli limathamanga. Chotetezera ndi kachitsulo kodzipereka kamene kamamangidwa pa injini kapena pakhoma kuti kadyeke m'malo mwa boti: ka zinc m'madzi amchere, ka magnesium m'madzi opanda mchere. Kachitsuloka sikapakidwa penti. Mabawuti achitsulo chosachita dzimbiri amaloledwa, koma pakati pawo ndi khoma paikidwe pulasitiki kapena chomatira.

Pokonza, chotsani kaye chimene chikudya boti. Kabowo kamodzi kapena tiwiri pakhoma labwino mukhoza kukabowola bwino n'kutsekapo ndi riveti. Timaenje tosabowoka timapalidwa mpaka chitsulo chowala chitaoneka, kenako timadzazidwa ndi epoxy. Ngati timabowo tachuluka pamalo amodzi ndipo khoma likubonyoka mukalisindikiza ndi chala, dulani gawo lonselo, chigamba chikagwire pa chitsulo chamoyo.

Malo a guluu

Guluu ali ndi ntchito yake, bola adziwe malire. Epoxy wopindika pang'ono, monga G/flex, ndi wabwino pa timabowo ting'onoting'ono ndi pamizere ya mariveti imene ikungochita thukuta. Zomatira za polyurethane, monga 3M 5200 ndi Sikaflex 291, ndi zoika pakati pa chigamba ndi khoma ndiponso mozungulira mariveti ndi mabawuti. Silicone wa m'bafa, uja wonunkha ngati viniga, sagwira bwino pa aluminiyamu, ndipo amasiya utoto woterera umene umalepheretsa chomatira china kugwira pambuyo pake. Utomoni wamba wa fiberglass ndi phala lokonzera mabodi a galimoto zimasendeka, ndipo madzi otsekeredwa pansi pake amadya khoma mwakachetechete.

Pa guluu aliyense, chimene chimapambanitsa ntchito ndi kukonzekera. Malowo aume, atsukidwe mafuta, akwechedwe ndi sandipepa wokhakhala mpaka awale, ndipo guluu apakidwe nthawi yomweyo, osati mawa. Amisiri ena amapaka epoxy kaye, n'kukwecha chitsulo ndi sandipepa epoxy akadali wamadzi, kuti khungu likamachoka guluu afike pachitsulo mpweya usanafike. Lemekezani nthawi yolembedwa pa chitini. Zomatira zina zimafuna masiku angapo kuti ziumiretu, ndipo boti lolowetsedwa m'madzi msanga limafuna kukonzedwanso.

Vuto likakupezani pamadzi

Pakati pa nyanja cholinga ndi kufika kumtunda. Chepetsani liwiro, aliyense avale jekete yoyandamitsa, ndipo sunthani anthu ndi katundu kuti mbali yobowokayo ikwere pamwamba pa madzi ngati n'kotheka. Kamtengo kosongoka kokulunga nsalu kamatseka bowo la riveti. Labala wa chubu wopsinjidwa ndi phazi kapena thabwa amachepetsa madzi pa mng'alu. Phala la epoxy lokanda ndi manja, limene limauma ngakhale m'madzi, ndi loyenera kusungidwa m'boti pamodzi ndi chokapira chomangidwa chingwe. Zonsezi ndi zofikira kugombe. Zikagwira bwino, chiyeso chimakhala chakuti zisiyidwe choncho; zichotsedwe tsiku lomwelo, ndipo ntchito yeniyeni iyambe.

Kudziwa polekera, ndi kuyesa

Si boti lililonse limene liyenera kukonzedwa. Ngati timabowo tili ponseponse pansi, ngati msana wa boti watha ndi kukwekwesa mpaka kupyapyala ngati chitini, kapena ngati ming'alu ikubuka yatsopano mwezi ndi mwezi, chitsulocho chatopa. Kupitiriza kuikapo zigamba ndi kudzinamiza, makamaka ngati botilo limanyamula anthu. Aluminiyamu wake ali ndi mtengo kwa ogula zitsulo zakale, ndipo mbali zake zabwino zikhoza kudulidwa kukhala zigamba za maboti ena.

Boti limene lakonzedwa liyesedwe kawiri. Poyamba thiranimo madzi lili pamtunda, muone ngati pachigamba pali pouma. Kenako liikeni m'madzi osaya pafupi ndi gombe, muikemo matumba a mchenga olemera ngati anthu amene limanyamula, muliyendetse ndi injini kwa kanthawi, n'kuyang'ananso riveti iliyonse imene munazunguliza ndi choko. Mwini boti amaona ngati tsiku limenelo latayika chifukwa silinabweretse ndalama. Koma okwera boti saona zimene zili pansi pa matabwa opondapo. Amangokhulupirira kuti mwini wake ndi mmisiri wake anaziona. Amene akudziwa kuti pali riveti yomasuka kapena mng'alu wopakidwa phula ndi anthu awiri okhawo, ndipo udindo wonse woti botilo lisanyamule munthu lisanayesedwe uli pa iwo.